Adaboola phiri ndi nyundo, msewu udabwera atamwalira

Kuyambira chaka cha 2000, funso loti mudzi wa ku India ulandire msewu wabwino kapena ayi lakhala likuyankhidwa ndi chiwerengero cha anthu okhalamo. Mukakhala anthu 500, dzina la mudziwo limalowa m'kaundula wa boma ndipo tsiku lina akontalakita amatulukira ndi miyala ndi phula. Mukakhala anthu 480, eni mudzi amayenera kudikira, ndipo odwala amapitiriza kunyamulidwa pamapewa mpaka pomwe galimoto imalekezera.

Dziko la India lili ndi midzi yoposa 600,000. Pa kalembera wa mu 2011, anthu pafupifupi 833 miliyoni mwa anthu 1.21 biliyoni a m'dzikomo adapezeka kuti amakhala kumudzi. Ndalama sizikadakwana kufika paliponse nthawi imodzi, choncho boma lidaganiza zoyamba ndi midzi ikuluikulu.

Koma ulipo mudzi wina womwe udapeza njira yake zaka 18 ndondomeko ya bomayi isanayambe n'komwe. Mudziwo ndi Gehlaur, m'boma la Gaya, chigawo cha Bihar, kummawa kwa India. Yemwe adakonza njirayo ndi munthu mmodzi, waganyu wopanda munda wakewake, dzina lake Dashrath Manjhi. Zida zake zidali nyundo ndi tchizulo, ndipo ntchitoyo idamutengera zaka 22.

Mudzi wa kuseri kwa phiri

Bihar ndi chigawo chodzadza ndi anthu kuposa zigawo zina zonse za India. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 94,000, zomwe zikufanana ndi mtunda wonse wa dziko la Malawi mukachotsa nyanja. Koma pomwe Malawi adali ndi anthu 17.5 miliyoni pa kalembera wa mu 2018, Bihar adali ndi anthu 104 miliyoni mu 2011, ndipo pafupifupi asanu ndi anayi mwa anthu khumi alionse adali akumudzi. Boma la Gaya lokha lidali ndi anthu oposa 4.3 miliyoni.

Gaya si malo obisika ayi. Kumeneko n'komwe kuli Bodh Gaya, malo opatulika a chipembedzo cha Buddha omwe amakopa alendo ochokera ku Japan, Thailand, Sri Lanka ndi maiko ena. Njanji yaikulu yochoka ku Kolkata kupita ku Delhi imadutsa mu mzinda wa Gaya. Komabe m'boma lomwelo mudali midzi yomwe kwa anthu ake chipatala chidali ngati dziko lina.

Gehlaur ali m'munsi mwa mtandadza wa mapiri a Rajgir, omwe miyala yake ndi yolimba kwabasi, ya mtundu wa quartzite. Mtandadzawu umalekanitsa dera la Atri ndi tauni ya Wazirganj, komwe kudali msika ndi chithandizo cha mankhwala. Wofuna kufika ku Wazirganj adali ndi njira ziwiri zokha: kukwera phiri podzera m'kanjira kopapatiza ka m'matanthwe, kapena kulizungulira ulendo wa makilomita pafupifupi 55. Kwa munthu wathanzi wosenza kamtolo kochepa, kukwera kunkatheka. Kwa mayi wodwala matenda a uchembere, nkhalamba kapena ngolo ya ng'ombe, njira idali yozungulira basi.

Manjhi adabadwira m'gulu la anthu otchedwa Musahar. Ku India munthu amabadwira m'gulu lomwe makolo ake ali, ndipo kwa zaka mazanamazana gululo ndilo linkalamula ntchito yomwe agwire, yemwe akwatire ngakhalenso chitsime chomwe atungepo madzi. Amusahar ali m'gulu la a Dalit, omwe kale ankatengedwa ngati osayenera kukhudzidwa, ndipo ngakhale pakati pa a Dalit iwowa ali kumunsi kwenikweni. Malamulo a dziko la India adathetsa tsankholi mu 1950, koma m'mitima ya anthu lidatsala.

Dzina loti Musahar limatanthauza odya mbewa. Ku Malawi mbewa ndi ndiwo yomwe anyamata amagulitsa poyera m'mphepete mwa msewu wa M1, ndipo ogula ena amachita kuimitsira galimoto zodula. Ku Bihar dzinali ndi chitonzo, chizindikiro cha munthu yemwe amakumba mauna m'minda ya eni ake akatha kukolola kaamba koti alibe china choika m'mimba. Ambiri mwa anthuwa alibe malo olima, ndipo pa kalembera wa mu 2001 odziwa kulemba ndi kuwerenga sankakwana mmodzi mwa khumi alionse. Nyumba zawo zimakhala kumapeto kwa mudzi, pa kachigawo kapadera komwe amakatcha kuti tola.

Ali mnyamata, Manjhi adathawa kwawo n'kukagwira ntchito m'migodi ya malasha ku Dhanbad. Atabwerera ku Gehlaur adakhazikika ndi mkazi wake Falguni Devi, ndipo banjali linkadalira maganyu.

Mamita asanu pachaka

Malinga ndi momwe nkhaniyi imafotokozedwera ku Bihar, mu 1959 Falguni Devi adaterereka m'matanthwe a phirilo akupititsira mwamuna wake chakudya, ndipo adavulala kwambiri. Dokotala adali kutali, ndipo mayiyo adamwalira. Chaka chotsatira, mu 1960, Manjhi adagulitsa mbuzi zake, adagula nyundo ndi tchizulo, n'kuyamba kugumula phiri.

Anzake a m'mudzi adati mutu wake wasokonekera, ndipo n'zovuta kuwadzudzula. Uyu adali bambo wa ana, wopanda munda, yemwe chakudya cha tsiku lililonse ankachipeza polimira anthu ena. Kuthera mphamvu pa mwala womwe sulipira kudali ngati kulanda nsima pakamwa pa ana ake. Iye ankagawa tsiku lake pawiri, maola ena ku ganyu, otsalawo ku phiri. Mwala ukakanika, ankaukolezera moto pamwamba mpaka utatentha, kenako n'kuuthira madzi kuti ung'aluke, ndipo akatero ankalowetsa tchizulo m'ming'alumo. Zidutswa ankazichotsa yekha.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambiwu ukadayenera kugwira ntchito pano. Patapita zaka, phiri litayamba kuoneka kuti ladyeka, ena mwa omwe ankamuseka adayamba kumupatsa chakudya ndi kumuthandiza kugula zida. Koma nyundoyo idakhalabe m'manja mwa munthu mmodzi kufikira mu 1982, pomwe adatulukira kutsidya.

Mpata womwe adaboola ndi wotalika mamita 110, mulifupi mwake mamita 9, ndipo pena adakumba mamita oposa 7 kuchokera pamwamba. Kutalika kwake kukungoposa pang'ono bwalo la mpira wamiyendo. Mukagawa mamita 110 ndi zaka 22, mupeza kuti bamboyu ankasuntha mamita asanu okha pachaka, kutanthauza kuti mwezi wathunthu unkatha asanafike ngakhale theka la mita. Koma kampata kameneka kadachepetsa ulendo wa pakati pa Atri ndi Wazirganj kuchoka pa makilomita 55 kufika pa 15, ndipo sikadathandize Gehlaur yekha komanso midzi yambiri yozungulira.

Apa mpomwe nkhaniyi imawawira. Mpata woboola m'thanthwe si msewu. Umafunika kuusalaza, kuuthira phula ndi kuulumikiza ku misewu ina mbali zonse ziwiri, ntchito yomwe munthu mmodzi sangaithe. Manjhi adakhala zaka zina 25 akuyendera maofesi a boma kupempha zimenezi. Mu 2006 adakaonekera kwa Nitish Kumar, yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu ya Bihar, ndipo ndunayo idanyamuka pampando wake n'kukhazikapo mkuluyo. Nyuzipepala zidalemba kwambiri za ulemu umenewu. Chaka chomwecho boma la Bihar lidapereka dzina lake kuti alandire mendulo yaulemu ya Padma Shri, koma sadailandire.

Manjhi adamwalira pa 17 Ogasiti 2007 m'chipatala chachikulu cha AIIMS ku Delhi atadwala khansa ya ndulu, ali ndi zaka za m'ma 70. Boma la Bihar lidayendetsa maliro ake mwaulemu wa boma. Msewu weniweni wodutsa pa mpata wake udamangidwa iye ali kale m'manda.

Ulemu wina udatsatira. Mu 2015 kudatuluka filimu yotchedwa Manjhi – The Mountain Man, yomwe adakonza ndi Ketan Mehta, ndipo Nawazuddin Siddiqui ndiye adasewera ngati Manjhi. Mu 2016 nthambi ya zamtengatenga wa makalata idatulutsa sitampa yokhala ndi nkhope yake. Lero pa Gehlaur pali chipata ndi malo achikumbutso a dzina lake, ndipo alendo amapitako kukajambulitsa. Nkhaniyi imakoma kuifotokozera ana asukulu ngati chitsanzo cha khama, koma boma lililonse loitama liyenera kuitama mwamanyazi, chifukwa zomwe zidamutengera munthu zaka 22 makina aboma akadazitha m'miyezi yowerengeka.

Lamulo la anthu 500

Ndondomeko ya misewu ya kumudzi, yomwe amaitcha Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana kapena mwachidule PMGSY, adaikhazikitsa ndi nduna yaikulu ya dzikolo Atal Bihari Vajpayee pa 25 Disembala 2000. Panthawiyo pafupifupi magawo 40 mwa 100 alionse a malo okhala anthu kumudzi adalibe msewu wodutsika nyengo zonse. Ku India mawu oti nyengo zonse ndi ofunika, chifukwa mvula yamphamvu yomwe imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala imasandutsa misewu yafumbi kukhala matope ofika m'mawondo.

Lamulo lake lidali losavuta kumva. Midzi ya anthu 1,000 kapena kuposa iyambe kulandira, kenako ya anthu 500. Kumapiri, kuchipululu ndi kumadera a mitundu ya anthu a m'nkhalango, malirewo adatsitsidwa kufika pa anthu 250, ndipo pambuyo pake kumadera komwe kudali zigawenga za chi Mao, monga mbali zina za Gaya, adafika pa 100. Ziwerengero zake zinkatengedwa mu kalembera wa mu 2001. Timidzi toyandikana mamita osaposa 500 tinkaloledwa kuphatikiza anthu ake kuti tikwanitse nambala. Gawo la ndalama zake linkachokera ku msonkho wapadera wa mafuta a dizilo, ndipo kontalakita aliyense ankasainira kuti azisamalira msewu womwe wamanga kwa zaka zisanu.

Ntchito yomwe idachitika ndi yaikulu. Pofika mu 2023, misewu yotalika makilomita oposa 700,000 idali itamangidwa kapena kukonzedwanso pansi pa ndondomekoyi.

Ubwino wa lamulo la nambala ndi woti limamanga manja andale. Phungu sangangoloza mudzi wa kwa apongozi ake kuti phula liyambire kumeneko. Komabe dyera limapeza polowera. Akatswiri atatu, Jonathan Lehne, Jacob Shapiro ndi Oliver Vanden Eynde, adafalitsa kafukufuku mu 2018 woonetsa kuti phungu watsopano akapambana chisankho, makontalakiti a misewuyi opita kwa anthu a mfunda wofanana ndi wake ankachuluka. Ku India mfunda umasonyeza gulu lomwe munthu adabadwira. Adapezanso kuti misewu ya akontalakita oterewa ndiyo inkakonda kupezeka m'mabuku kuti idatha ndipo idalipiridwa, koma pamalopo palibe.

Vuto lina la lamuloli ndi loti limakomera okhala pakati pa mudzi. Msewu umatha kufika pa sukulu kapena pa kachisi, mudziwo n'kulembedwa kuti walumikizidwa, pomwe tola ya Amusahar yomwe ili kutsidya kwa minda ya mpunga ikadali m'matope. Anthu omwe tsankho lidawakankhira kumapeto kwa mudzi ndi omwewo omwe nambala yawo imachepa. Boma la Bihar lidazindikira izi ndipo lidayambitsa ndondomeko zakezake zofikira timidzi ta anthu 250 mpaka 499, kenako ta anthu 100 mpaka 249.

Kodi msewu umasintha chiyani?

Malire a anthu 500 ndi 1,000 aja adapatsa akatswiri a zachuma mwayi wosowa. Mudzi wa anthu 490 ndi wa anthu 510 sizisiyana kwenikweni, koma wina udalandira msewu pomwe unzake udatsala. Sam Asher ndi Paul Novosad adayerekeza midzi yotereyi yambirimbiri, ndipo zomwe adapeza adazifalitsa mu 2020 m'magazini ya American Economic Review.

Zotsatira zake zidakhumudwitsa ambiri omwe amakhulupirira kuti phula likafika, chuma chafika. Patatha zaka zinayi msewu utamangidwa, zokolola sizidasinthe kwenikweni, ndalama za mabanja ndi katundu wa m'nyumba sizidakwere moonekera, ndipo mabizinesi a m'mudzi adangokula pang'ono. Chomwe chidasintha kwambiri n'choti anthu ambiri adasiya ntchito za kumunda n'kuyamba kukagwira maganyu olipidwa kunja kwa mudzi. Mwachidule, msewu udathandiza kwambiri kutulutsa antchito kuposa kulowetsa chuma.

Izi siziyenera kumveka ngati kulephera kokhakokha. Kwa munthu wopanda munda ngati Manjhi, yemwe moyo wake wonse udali m'manja mwa eni minda a m'mudzi mwake, kutha kukwera galimoto m'mawa kukagwira ntchito ya zomangamanga m'tauni n'kubwerako madzulo ndi ufulu waukulu. Mwini munda yemwe kale ankatchula malipiro alionse omwe wafuna amayamba kupikisana ndi olemba ntchito a kutauni. Kafukufuku wina wa akatswiri omwewa pamodzi ndi Anjali Adukia adapezanso kuti m'midzi yomwe idalandira misewu, ana ankakhalitsa pasukulu ndipo ankakhoza bwino mayeso.

Ku Bihar komweko kudachitikanso china chosonyeza kuti msewu pawokha sukwanira ngati munthu alibe chokwera. Mu 2006 boma la chigawochi lidayamba kupereka marupi 2,000 kwa mtsikana aliyense wolowa kalasi 9 kuti agule njinga yakapalasa. Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash, omwe adafufuza za ndondomekoyi, adapeza kuti chiwerengero cha atsikana olowa sekondale pamsinkhu woyenera chidakwera ndi magawo 32 pa 100 alionse, ndipo kusintha kwakukulu kudaoneka m'midzi yomwe sukulu ili patali. Makolo omwe ankaopa kutumiza mwana wamkazi yekha wapansi adayamba kulola poona atsikana akupalasa m'magulu.

Amusahar nawo adayamba kumveka m'ndale. Jitan Ram Manjhi, wochokera m'boma lomwelo la Gaya, adakhala nduna yaikulu ya Bihar kuyambira Meyi 2014 mpaka Febuluwale 2015, ndipo mu 2024 adasankhidwa kukhala nduna m'boma la India. Dzina loti Manjhi ndi lofala pakati pa anthu a gululi.

Ngakhale zili choncho, anthu onyamula nyundo sadathe. Mu 2018 kudamveka za Jalandhar Nayak wa m'mudzi wa Gumsahi, m'boma la Kandhamal ku Odisha, yemwe adatha zaka ziwiri akulambula njira ya makilomita asanu ndi atatu m'mapiri kuti ana ake azitha kubwera kunyumba mosavuta kuchokera kusukulu. Nkhani yake itatuluka m'nyuzipepala, akuluakulu a boma adalonjeza kumaliza gawo lotsala. Mu 2020 ku Gaya komweko kudatchuka Laungi Bhuiyan, yemwe adakumba ngalande ya madzi ya makilomita atatu kwa zaka pafupifupi 30, ndipo adapatsidwa thalakitala ngati mphatso. Zikuoneka kuti kumidzi yotereyi thandizo limafulumira atolankhani akafika ndi makamera.

Nambala zakale

Mu Seputembala 2024 boma la India lidavomereza gawo lachinayi la PMGSY, lomwe cholinga chake ndi kumanga misewu ya makilomita 62,500 yofikira malo okhala anthu 25,000 omwe adali asanalumikizidwe, pamtengo wa marupi oposa 700 biliyoni. Malire ake ndi omwe aja, 500 kuchigwa ndi 250 kumapiri, koma tsopano powerengera kalembera wa mu 2011.

Apa pali mfundo yomwe ikuvutitsa midzi yambiri. India amachita kalembera zaka khumi zilizonse, ndipo wotsatira amayenera kuchitika mu 2021, koma adaimitsidwa kaamba ka mliri wa Covid-19. Anthu sadaleke kubadwa podikira kalemberayo. Mu 2023 bungwe la United Nations lidati India wapitirira China pa kuchuluka kwa anthu. Chaka chomwecho boma la Bihar lidachita kafukufuku wakewake ndipo lidapeza anthu oposa 130 miliyoni, kusonyeza kuti chiwerengero chidakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kuchokera mu 2011. Amusahar adapezeka kuti ndi pafupifupi atatu mwa anthu 100 alionse a m'chigawocho.

Mudzi womwe udali ndi anthu 420 mu 2011, ngati udakula pamlingo umenewu, lero uli ndi anthu oposa 500. Koma m'kaundula wa misewu ukadali wa anthu 420.

Mu Juni 2025 boma lidalengeza kuti kalembera watsopano adzatengera tsiku la 1 Malichi 2027, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni 1931 adzalemba gulu lomwe munthu aliyense adabadwira. Mwana yemwe adabadwa mu 2012 m'mudzi wa kuseri kwa phiri adzakhala ndi zaka 14 kapena 15 pomwe owerenga anthu adzafike pakhomo pa makolo ake kudzamulemba koyamba.